Mpikisano Wopanda Hotela

Tsiku limene anazula mapolo a zigoli, a Phewa anangoima m'mbali mwa bwalo, manja m'thumba. Anyamata a mwini shopu ya zitsulo anakumba, kugwedeza, kugwetsa mapolo ataliataliwo, n'kuwakweza pa lole, poti ngongole yake inali isanalipidwe. Pabwalo panatsala maenje okhaokha.

Inu amene mukuwerenga mtima uli wosweka, khalani kaye pansi ndikuuzeni za bambo ameneyu.

A Phewa anali wapampando wa kabungwe ka masewera a ragibi, mpira uja wooneka ngati dzira umene amathamanga nawo m'manja. Dzinali analitenga akadali osewera, chifukwa akakuomba ndi phewa unkayamba waiwala kwanu. Koma tsiku limenelo mapewa aja anali atagwa.

Chinawagwetsa ndi mpikisano. Mabungwe a m'zigawo ankalandirana, chaka chino kwa awa, chaka chamawa kwa awo, ndipo wolandira alendo ndiye ankalipira zonse. Itafika nthawi yawo yoyamba, a Phewa anafuna kuonetsa kuti nawonso ndi anthu. Matimu anagona ku hotela. Kunabwera matenti, zokuzira mawu, mabasi, mapolo atsopano opaka penti yoyera, zonsezo pangongole, podalira kampani ina imene inalonjeza thandizo. Mpikisano unakongola, eee, anthu anaomba m'manja mpaka kutopa. Kutacha, a kampani aja anangozimitsa foni.

Zotsatira zake zinali zowawa. A Phewa anagulitsa galimoto yawo. Anzawo a mukomiti anathawa mmodzimmodzi. Osewera ambiri anapita ku mpira wamiyendo, ndipo ochepa otsalawo ankaponyerana mpira umodzi wosokasoka pabwalo lopanda zigoli.

Zaka zitapita, nthawi yawo yolandira alendo inafikanso. Lamulo linali lomveka: bungwe lolephera kuchititsa mpikisano limachotsedwa, ndipo osewera ake sasewerenso ndi timu ina iliyonse. Ndiye kuti ragibi m'dera lonselo ikanathera pomwepo.

Madzulo a tsiku loti mawa kuli msonkhano, a Phewa anauza akazi awo, amene anali pa makina osokera.

"Amayi a ana, ine ndatopa. Mawa ndikawauza kuti angotifufuta."

Mayiwo sanasiye kupalasa makina.

"Bambo, kodi mlendo akafika pakhomo pano timamuperekeza ku hotela?"

"Iwe, awa si alendo awiri. Ndi matimu."

"Nanga m'dera lino nyumba ndi yathu yokhayi? Chinakugwetsani si umphawi, bambo. Munkachita manyazi kuti anthu aone mmene timakhalira."

Mawu amenewo anawabaya, chifukwa anali oona.

Ku msonkhano a Phewa anaimirira. "Hotela tilibe," anatero. "Matenti tilibe, mabasi tilibe. Tili ndi nyumba zathu. Osewera anu adzagona m'makomo mwathu, adzadya chimene ife tikudya."

Chipinda chonse chinaseka. Amene anaseka kwambiri anali mkulu wa bungwe lolemera la mumzinda waukulu, bambo wa suti yonyezimira. "Akulu, ana athu akagone pansi ngati ali pamaliro?"

Mayi amene ankatsogolera msonkhanowo anadikira phokoso lithe. "Yesani," anatero. "Koma timu imodzi yokha ikadandaula, mwatuluka."

Apa ndiye panayambira ntchito yeniyeni, abale anga, ntchito yomeza malovu. A Phewa anayenda khomo ndi khomo kupempha malo ogona. Ena anawatsekera chitseko. Mayi wina anawafunsa pamaso pa ana, "Si inu munadya ndalama za anthu?" Sanadye kalikonse, koma anangopepesa n'kugogoda khomo lotsatira. Apa anawapatsa chipinda, apo matiresi, pena bulangeti limodzi. Makolo a osewera atayamba kuvomera, oyandikana nawo anachita manyazi kukana.

Khomo lovuta kwambiri linali la mwini shopu ya zitsulo. A Phewa anamupeza akuweruza antchito.

"Ndalama ndilibe, achimwene. Koma mapewa ndikadali nawo."

Munthuyo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. "Mapolo anu ali kuseliko, achita dzimbiri. Angagule ndani zinthu zotalika chonchija?"

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse wapampando wa bungwe ankasenza zitsulo ndi matumba a simenti pashopupo, anthu akumuloza. Mapewa anatupa, msana unkawawa, koma sanajombe. Pamapeto pake mwini shopu anati, "Basi bambo, katengeni, mwandimvetsa chisoni."

Wokanyamula mapolowo anali mlamu wawo, dalaivala wa lole, munthu wosasowa chonena. "Alamu, mpira wanu wopindikawu unakudyerani galimoto, pano ukufunanso lole yanga?" Ananyoza choncho, koma anabwera, ndipo ndi lole yomweyo imene inkatuta matimu.

Mpikisano unachitika. Sunali wokongola, ndisaname. Woulutsa ankafuula ndi pakamwa mpaka mawu anasasa. Timu ya a Phewa inagonja masewera onse kupatula amodzi. A Phewa ndi akazi awo ankagona pabalaza, chipinda chawo atapatsa chimphona china chosewera mu timu ya mumzinda.

Masewera omaliza atatha, mayi wotsogolera uja anasonkhanitsa matimu onse pakati pa bwalo.

"Alipo wodandaula?"

Mayiyo anayang'ana timu iliyonse. Kenako chimphona chija chinadzuka, ndipo a Phewa anadzifunsa chamumtima: Zonse zija zithere apa?

"Ine ndili ndi mlandu, amayi," chinatero chikukanda kumutu. "Ndathyola bedi la eni ake. Ndikupempha basi yathu isanyamuke ndisanalikonze."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Phewa okha ndi amene analira, bambo wamkulu, misozi mbwembwembwe osaibisa. Bungwe lawo linapulumuka.

Anthu akubalalika, wina anawakoka dzanja kuseli kwa lole. Anali bambo wa suti uja, koma kuseka kunalibe.

"Akulu, chaka chamawa ndi ife," ananong'ona. "Osauza munthu, ifenso tinamira m'ngongole kalekale. Ofesi yathu anaitseka mwezi watha. Khomo loyamba munagogoda bwanji?"

A Phewa akanatha kumukumbutsa za msonkhano uja. Sanatero.

"Mudzayambe mwavula jeketeyo," anatero. "Ndipo tsiku loyambalo ndidzabwera, tidzagogodere limodzi."

Mnzanga, mwina nawenso unagwa poyera, anthu akuona. Mwina ukubisala chifukwa ukuganiza kuti ndiwe wekha amene zakuvuta, pamene ena akukuseka ali m'madzi omwewo. Nena zoona za mmene ulili, yamba ndi chochepa chimene chili m'manja mwako, ndipo akakutsekera khomo, gogoda lotsatira. Zidzawawa, manyazi adzakugwira, ena adzakuloza chala. Koma usataye mtima, chifukwa pali wina amene akudikira kuti iwe udzuke kuti naye adziwe podzukira.