Nsapato za ku Tchalitchi pa Njinga ya Malasha

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo linayamba ndi fungo la polishi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Kalikiliki, komboni ya mu Lusaka, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Atate anakhala pakhomo ndi nsapato zawo zakuda za ku tchalitchi, kuzipukuta ndi kansanza, kulavulirapo pang'ono, kupukutanso. Ine ndinali kuthamangitsa nkhuku kuseri kwa nyumba.

Amayi anali atachoka m'nyengo yozizira. Atate tsiku lina anabwera atamwa, anawapeza pa pompi pamene azimayi a mu komboni anali pa mzere wa madzi, ndiye anawatukwana pamenepo, kutchula ndi mayi awo amene anali kale m'manda. Mawu ake sindibwereza. M'mawa mwake Amayi anabereka khanda, ananyamula thumba, anapita kwa amalume awo amene anali kulima kupitirira Chongwe. Tinatsala ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Yobe. Kuphika ine, kuchapa ine, kutunga madzi pa pompi yomweyo ine, azimayi omwewo akundiyang'ana. Sukulu ndinayamba kujomba nthawi imeneyo, ndipo kunena zoona sindinabwererenso bwinobwino.

Kwathu mwamuna akalakwira mkazi mpaka mkazi kuthawira kwa akwawo, satuma uthenga. Amapita yekha, atanyamula nkhuku, kukagwada pamaso pa amalume. Atate anazengereza mpaka Okutobala. Ntchito yawo ya ulonda ku Kamwala inali itatha, za basi panalibe, ndiye anakabwereka njinga kwa ba Sakala, aneba athu ogulitsa malasha, makala ophikira aja. Ine ananditenga kuti ndinyamule nkhuku. Anati, "Amako akakuona m'mene waonderamu, mtima udzatsika."

Ba Sakala anabweretsa njinga okha. Inali yakuda, yolemera, kumbuyo anawotchererako zitsulo zomangirapo masaka. Anaiyedzeka pakhoma, anayang'ana kumapazi kwa Atate.

"Ba Phiri, iyi njinga ilibe mabuleki. Ni ya malasha iyi. Marimu yanapindika kudala, mabuleki tinachosa. Ife timaimika na phazi, apa so." Anakweza mwendo, anakanikiza tayala la kutsogolo, kuseri kwa foloko. Kenako anavula nsapato zawo, zija zodula ku tayala la galimoto, zamizere pansi. "Valani izi. Izo zanu pansi ni galasi."

"Ine ndikafike kwa apongozi ndi matayala kumapazi? Akati wabwera kudzagulitsa malasha."

"Bakambe chabe, koma mwafika."

"Njinga ndinayamba kukwera ku Katete inu musanamere mano."

"Ku Katete kunalibe malole ya tilela, ba Phiri."

Anaseka onse awiri. Ba Sakala anavalanso nsapato zawo, anapita.

Ndimaganiza kambiri za pamenepa. Atate sanali munthu wopusa. Kwa apongozi sufika zala za kumapazi zili pamtunda, zotuwa ndi fumbi. Ndi chipongwe, ndipo iwo chipongwe anali atachita kale chokwanira. Munthu angati, bwanji sanaike nsapato zabwinozo mu pulasitiki, n'kukavala pofika? Akazi a ba Sakala ananena zomwezo ali pa waya wa zovala. Koma njira yotulukira mu komboni inali kudutsa pa pompi paja. Atate anafuna kuti azimayi amene anawamva akutukwana awaonenso akupita kukapepesa, atavala jekete ndi nsapato zowala, nkhuku ili poyera. Ndikuganiza choncho. Iwo sananene.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, chifukwa jekete inafunika kusita, ndipo makala a mu simbi anachedwa kuyaka. Madzi sitinanyamule. Pampu ayi, chakudya ayi. Ine ndinakhala cham'mbali pa zitsulo zija, ndayala saka, nkhuku ili pamiyendo, yomangidwa ndi kansalu ka chitenge. Linali thadzi lofiira, limene linali pafupi kuyamba kuikira. Pa pompi azimayi analeka kukamba. Atate anawongola msana, anapalasa pang'onopang'ono. Palibe amene anapereka moni.

Tinadutsa Kaunda Square, tinalowa mumsewu waukulu wa ku Chipata. Masiku amenewo tala inali yopapatiza, m'mbali mwake modyekadyeka ngati chitumbuwa cholumidwa. Basi ikadutsa, mphepo yake inali kutikankhira kumiyala, ikapita n'kutikokeranso mumsewu. Atate njinga anali asanakwere kuchokera pamene anabwera mutauni. Mahandulo anali kunjenjemera, ine ndinali kumva kunjenjemerako m'matako.

Anthu a malasha anali kubwera mbali inayo, akuda bii, masaka kupitirira mutu. Mmodzi anakuwa, "Ba pasita, ukwati uli kuti?" Anzake anaseka. Atate anapitiriza kupalasa. Ine ndinayang'ana kumapazi kwa anthu aja. Onse anali ndi matayala.

Tcheni inagwa kangapo. Atate anali kuopa kudetsa manja a shati, ndiye ine ndinali kuwapatsa nkhuku, n'kubwezera tcheni ndi kamtengo. Anali kuima pambali pa msewu, jekete ndi tayi, nkhuku m'khwapa, malole akuwathira fumbi.

Titapitirira njira ya ku eyapoti, nyumba zitachepa, anati, "Tisa, iwe ukhale amalume. Ndiyeserere."

"Chabwino. Mwabweretsa chiyani?"

"Amalume sayamba choncho."

"Nanga amayamba bwanji?"

"Amangokhala chete. Iwe khala chete."

Ndinakhala chete. Ndiye anayamba, akupuma movutikira, mawu akutuluka pamodzi ndi kupalasa. Anati, "Malume, ndabwera ndekha, palibe wandituma. Mwana wanu sanandilakwire. Ndinamuvula pagulu, ndinatukwana ndi manda omwe. Mowa sindiunamizira, pakamwa panali panga. Ngati akana kubwerera, akane, koma amve kuti ndanena." Anabwereza, anasintha apa ndi apo, anabwerezanso. Ine ndinali kuona msana wawo chabe, jekete itanyowa, mchere utalemba mizere yoyera.

"Atate, vulani jekete."

"Ikwinyika."

Madzi tinapempha pa nyumba ina ya m'mbali mwa msewu. Mayi wa pamenepo anatipatsa m'kapu imodzi, anamwetsako ndi nkhuku, imene inali itayasamula kukamwa. Atate pokweranso njinga mwendo unakana kudumpha chitsulo, anachita kuugwira ndi dzanja. Pa Chongwe tinadutsa dzuwa litapendeka. Anali asakuyeserera tsopano. Anali kungopalasa, mutu pansi.

Kupitirira pamenepo msewu umayamba kukwera ndi kutsika. Zitunda zoyamba tinatsika bwino, zinali zazing'ono. Kenako tinafika potsetsereka patali, kumunsi kuli kamlatho. Poyamba zinakoma. Kamphepo kanatiwomba, Atate analeka kupalasa, ndinawamva akupuma. Ndiye njinga inayamba kuthamanga yokha. Kumunsi, kamlatho kasanafike, minibasi inali itaima theka mumsewu theka kunja, ikutsitsa munthu ndi masaka. Kumbuyo kwathu lole inaliza hutala.

Ndinaona Atate akukweza mwendo wamanja, monga anachitira ba Sakala. Nsapato inakhudza tayala, inalira ngati mluzu, inaterereka. Anayesanso. Inatererekanso. Anati, "Gwira nkhuku." Kachitatu anakanikiza ndi mphamvu zonse, ndipo nsapato inapitirira, inalowa m'masipoko.

Za kuuluka sindikumbukira. Ndimakumbukira ndili khale mu udzu wopsa, m'kamwa muli dothi. Nkhuku ndinali nditaigwirabe. Mtima wake unali kugunda m'chikhatho mwanga, mofulumira, ndipo ndinali kumvetsera umenewo. Ine ndinagwera kuudzu, Atate anagwera kutala. Mutu wa lole unawaphonya. Matayala a kumbuyo kwa tilela sanawaphonye.

Anthu amandifunsa ngati ndinalira. Sindinalire. Sindidziwa chifukwa. Ndinaona wilo la kumbuyo kwa njinga likuzungulira lokha mpaka linaima. Ndinaona nsapato imodzi pakati pa msewu, ili chilili ngati munthu waivula kuti alowe m'nyumba, ikuwalabe. Anthu a mu minibasi anatsika, anazungulira Atate, ena manja kumutu. Mayi wina anamasula chitenge chake, anamanga mwendo pamwamba pa bondo. Woyendetsa lole anaima patali, akungonena kuti, "Ninaliza hutala, munamvela monse, ninaliza." Atate sanakuwe. Anali kuyang'ana kumwamba, tayi itagwera paphewa. Ine bondo langa linali litasupuka mpaka poyera, koma ndinaliona ngati la munthu wina.

Vani ina ya kufamu inatitenga. Anagoneka Atate kumbuyo pa masaka, ine pambali. Wina anaponyamo nsapato ija. Tinabwerera msewu womwewo, Chongwe, njira ya ku eyapoti, malo onse amene tinavutikira tsiku lathunthu, anangodutsa ngati madzi. Penapake Atate anatembenuza mutu, anati, "Nkhuku ilipo?" Ndinati ilipo. Anatseka maso.

Mwendo anaudula kuchipatala chachikulu mutauni. Njinga ba Sakala anakaitenga okha, anaiwongola, anamanga masipoko ena. Sanakambepo kanthu, ngakhale tsiku limodzi. Nkhuku ndinaimangirira pa mwendo wa tebulo kunyumba.

Amayi anamva kwa anthu a malasha. Anabwera patapita masiku, khanda kumsana, thumba lomwe lija. Analowa m'nyumba, anayang'ana ine, anayang'ana Yobe, anayang'ana mapoto. Anafunsa kuti nkhuku iyi yamangidwiranji. Ndinati ndi imene tinanyamula. Anati ndibweretse mpeni. Odwala amafuna msuzi.

Tinapita nayo kuchipatala m'kapoto kokulunga ndi nsalu. Atate atawaona Amayi anayesa kudzuka, analephera. Amayi anakhala pa benchi, anatsegula kapoto. Atate anayang'ana, anati, "Iyi inali ya amalume anu."

"Idyani, ingazizire."

Ndinadikira. Ndinali kuwadziwa mawu aja onse, ndinali kuwanena mumtima, "Ndabwera ndekha, palibe wandituma." Atate anatsegula pakamwa, Amayi anaikamo supuni. Anatafuna. Anameza. Basi.

Amayi sanabwererenso ku Chongwe. Mkazi sasiya mwamuna wa mwendo umodzi, anthu angakambe chiyani. Anawasambitsa, anawaphunzitsa kuyenda ndi ndodo, anayamba kugulitsa tomato pa maketi ya Mtendere, pamene ndikugulitsa ine manje. Atate mowa analeka. Pa pompi azimayi anali kunena kuti ngozi ija inamanga banja. Ife a m'nyumba tinali kuona zina. Atate ndi Amayi anali kukamba ngati anthu amene akumana pa siteshoni. Madzi afunda. Mchere watha. Mvula ibwera. Zaka ndi zaka, mpaka ine kukwatiwa, mpaka Yobe kumera ndevu. Nsapato yakumanzere Atate anali kuipukutabe Lamlungu lililonse. Inzake inali pansi pa bedi, yong'ambika kutsogolo.

Atate atamwalira, patapita miyezi, tinali kusadzula chibwabwa, masamba a dzungu, ndi Amayi kuseri kwa tebulo la pa maketi. Kaya chinandigwira n'chiyani. Ndinawauza kuti tsiku lija Atate anali ndi mawu, ndipo ine ndinawamva. Ndinawanena onse, kuyambira "Malume" mpaka "amve kuti ndanena." Sindinaiwale ngakhale limodzi. Amayi sanaleke kusadzula. Nditamaliza anakutumula nsalu ya pamiyendo.

"Ananena bwino," anatero. "Koma anauza iwe ndi nkhuku."

"Anafuna kukanena, Amayi. Msewu ndiwo unawaletsa."

"Chinaduka ndi mwendo, Tisa. Pakamwa panalipo zaka zonsezi."

Kunabwera kasitomala, anafuna tomato, Amayi anaimirira kukamupatsa.

Manje ndili ndi zaka zopitirira zimene Atate anali nazo tsiku lija. Kale ndinali kuganiza kuti phunziro lake ndi la njinga, lakuti mwini njinga akakupatsa nsapato zake uzivala, ndipo Okutobala suyenda wopanda madzi. Zimenezo n'zoona. Mpaka lero munthu wa njinga akadutsa pa maketi, maso anga amapita kumapazi kwake okha. Koma ndikaganiza bwino, Atate anakonzekera kufika. Anakonzekera m'mene adzaonekere pa pompi, m'mene adzagwadire, m'mene amalume adzaonere nsapato. Za pakati pa Kalikiliki ndi kumeneko sanaziganize. Ndipo pamene jekete, nkhuku ndi amalume zinachoka, n'kutsala iwo ndi Amayi okha m'chipinda chimodzi, sanadziwe ponenera. Mwina anaona ngati mwendo wawanenera. Mwina Amayi akanachotsa supuni ija. Sindidziwa, ndipo sindikwiyira aliyense. Pamene ndimafuna kumva chisoni pamakhala pouma, ngati chipsera cha pa bondo langa, chimene ndikachitsina sindimva kanthu.

Ana anga ndimawauza kuti ukalakwira munthu, nena pomwepo, ngakhale uli ndi matayala kumapazi. Amaseka, sadziwa za matayalawo. Nsapato zija zili kwa ine, zonse ziwiri. Amayi anati ndizitaye. Sindinazitaye, komanso sindizipukuta.