Mayi Pangilinan ndi Mariya Woyetsemula

Mayi Consolacion Pangilinan anafika pasukulu yathu mu 1992, mvula itangoyamba, patatha chaka phiri lamoto la kufupi ndi kwathu litaphulika. Ine ndinali mlembi wa sukulu. Ndinawalandira pa 15 Juni, tsiku lomwe ndinalembanso ana khumi ndi anayi a mtundu wa Aeta, amene phulusa linawathamangitsa kumapiri.

Ntchito yawo inali kuphunzitsa nyimbo ndi kukonza sewero loimba la Khirisimasi, lija la Mariya ndi Yosefe akufunafuna pogona. Mwambo wathu unali wakuti Mariya azikhala mtsikana woyera khungu kuposa onse, ndipo tinkamuwonjezerabe ufa wa mpunga kumaso. Ana a Aeta, poti ndi akuda, ankangokhala nkhosa chaka ndi chaka. Palibe ankafunsa chifukwa, ngakhale ine.

Mu 1994 Mariya anali Cristina, mdzukulu wa Aling Puring, mayi amene anali wapampando wa komiti ya makolo. Anali mwana wabwino, koma akamaimba agalu ankamuyankha. Mawu enieni anali ndi nkhosa ina, dzina lake Delia. Mayi Pangilinan anapempha kuti Delia akhale Mariya. Aling Puring anati akaumirira, komiti ilemba kalata ku ofesi ya maphunziro kuti awasamutse. Mayi Pangilinan anali atangomanga kanyumba, choncho anagonja. Anagwirizana kuti Delia aziimbira kuseri kwa nsalu, Cristina azingogwedeza milomo.

Pa 16 Disembala masana, holo itadzaza, ufa unamulowa Cristina m'mphuno pakati pa nyimbo yodandaulira mwini nyumba ya alendo. Anayetsemula kanayi, nyimbo osaduka. Anatulutsa kampango n'kumina bwinobwino, mawu akukwererabe m'mwamba. Agogo ena kutsogolo anagwada, ati chozizwitsa. Apo Mayi Pangilinan anasiya piyano, napita kukakoka nsalu. Delia anali chiimire ndi makutu ake a nkhosa, atatsinzina, ndipo anamaliza nyimbo yonse asakudziwa kuti anthu akumuona.

M'mawa mwake Aling Puring anawapeza pampopi.

"Aphunzitsi, mwandichititsa manyazi tauni yonse."

"Ufa munapaka ndinu, Aling Puring. Ine ndinati pang'ono chabe."

"Muona."

Kalata inapita pa 9 Januwale 1995. Ndinaitaipa ndine, mtima ukuwawa. Yankho silinabwere msanga, ndiye Mayi Pangilinan anati poti akuchoka kale, achita zomwe akufuna. Posankha oimba, anakhazika komiti yonse itayang'ana kukhoma, kuti isankhe ndi makutu. Chaka chimenecho Mariya anali Delia, wopanda ufa. Cristina anapempha yekha kukhala nkhosa, ndipo anaikhoza kwambiri. Mu 1997 Aling Puring anaombera m'manja Yosefe wina poganiza kuti ndi wa kubanja kwawo. Atatembenuka anapeza mchimwene wake wa Delia. Anapitirizabe kuomba, poti anthu anali atawaona kale, ndipo mkanjo wa Yosefeyo anasoka okha.

Yankho linafika pa 2 Febuluwale 1998, lovomera pempho la makolo. Aling Puring anali ataiwala zoti analemba. Anakwera jipi yonyamula anthu katatu kupita ku ofesi kukachonderera kuti aphunzitsiwo asachoke, atanyamula mango, koma anawauza kuti chidindo chinadindidwa kale. Ulendo wachitatu anabwerako akulira, mango atasiya komweko.

Mayi Pangilinan anachoka Lachiwiri, pa 31 Malichi 1998.