Tsitsi la mlongo wanga

Mlongo wanga wamng'ono, mnyamata, anafika zaka khumi ndi zitatu asanatchulepo dzina langa. Mawu anali nawo ochepa, ndipo munthu sankamuyang'ana m'maso. Akakondwa ankakupiza manja, akakwiya ankadziluma kuseri kwa dzanja. Nkhope yake inali yaitali, makutu aakulu, ndendende amalume athu a ku Nsanje amenenso anakalamba osalankhula bwino. Azakhali akabwera kwathu ku Manja sankalephera kukumbutsa amayi kuti kuchimuna kulibe zoterezi. Mayi ameneyo ndinkadana naye, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Kuchipatala adokotala anauza amayi kuti pali zinthu ziwiri. China ndi chakumtundu, choyenda m'magazi, china ndi khalidwe lodzikhalira payekhali. Koma pamene chimodzi chathera ndi pamene chinacho chayambira, iwonso anati sakudziwa. Dzina loti otizimu ndadzalimva ndili kale ndi zidzukulu. Nthawi imeneyo anangoti tizibwera naye azimuona.

Chimene chinkatisautsa kwambiri linali tsitsi. Akamva sizasi ikulira pafupi ndi khutu ankakuwa ngati wapsa ndi moto. Amayi anayesa lumo, anayesa kumunyengerera ndi zitumbuwa, mpaka anangomusiya. Tsitsi linakula, linawirira. Pakhomo silinkavuta munthu, koma masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali anali wophwanya lamulo, ndipo anyamata achipani ankayenda ndi sizasi m'thumba. Tsiku lakuchipatala tinkamupanikizira tsitsi lonselo m'chipewa chaubweya, ngakhale kunja kutenthe bwanji.

Ulendo wina amayi anadwala malungo, ndiye tinapita naye ine ndi abambo. Abambo anali mesenjala m'tauni, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Titachoka kuchipatala tinalowa m'tauni kukakwera basi. Tili pasiteji, basi ina inaliza hutala pafupi nafe. Mlongo wanga anatseka makutu mwamphamvu, chipewa chinagwa. Ndisanachitole, anyamata awiri achipani anali atafika kale.

"Madala, mwanayu ndi wanu? Nanga thengo ili?" anafunsa wamtaliyo.

"Pepani mabwana, ndi wodwala. Tikuchokera naye kuchipatala," anatero abambo.

"Wodwala wake woyenda yekhayu? Akhale pansi."

Abambo anagwada pafumbi, ndi yunifomu yawo yakuntchito, nawapepesa ana oti akanatha kuwabala. Anthu pasitejipo ankangoyang'ana kumbali. Sindiwaimba mlandu kwenikweni, tonse tinali ndi mantha. Sizasi itangolira koyamba, mlongo wanga anaponya mutu uku ndi uku, nsonga ya sizasiyo inadutsa pafupi penipeni ndi diso.

"Imani kaye, mumulasa!" anakuwa abambo. "Ndimugwire ineyo."

Anakhala pansi, namupana ndi miyendo, mutu anautsamiritsa pachifuwa pawo, zikhatho anaphimba nazo makutu ake aja kuti asachekedwe. Iye ankakuwa, ankaphiriphitha, anawaluma pamkono mpaka magazi. Abambo sanamutaye. Misozi yawo inkagwera m'tsitsi limene ankalimetalo, ndipo ankangobwereza kuti, "Atha, mwana wanga, atha." Ine ndinaima ndi chipewa m'manja, ndili ndi ukali umene ndinalibe poutulira.

Anamusiya ndi zigamba m'mutu, koma analibe bala ngakhale limodzi. Anyamatawo anapukuta sizasi pathalauza, n'kunyamuka.

Kunyumba tinayesa kumufotokozera, ine ndi amayi, kuti abambo ankamuteteza. Sindidziwa ngati mawu athu ankafika. Chimene iye anadziwa n'chakuti amene anamugwira ndi abambo. Madzulo aliwonse akaweruka ankamubweretsera banzi, n'kuliika pampando, chifukwa m'manja mwawo sankalandiranso kanthu. Zinakhala choncho mpaka abambo anamwalira. Iwo akalowa m'nyumba, iye ankatuluka.