Udzu wa Mkati mwa Waya

Inu amene munatsekeredwa kunja kwa chinthu chanu chomwe, imvani za Keziah wa ku Chalimbana.

Mu 1994, Keziah anagwada pabwalo la ofesi ya kampani ina yoweta nkhuku, akuzula udzu ndi zala ngati wandende. Mlandu wake unali kumweta udzu wofolera m'dambo limene kampaniyo inatchinga ndi waya. Mlonda anamulanda chikwakwa, nawotcha mtolo wake iye akuona.

Dambo limenelo Asoli, anthu a mtundu wake m'mudzimo, ankamwetamo kuyambira makolo. Koma mapepala anasainidwa ku Lusaka eni nthaka osafunsidwa, ndipo tsiku lina anangoona waya wazungulira dambo lonse. Keziah anali mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo udzu wogulitsa m'mbali mwa msewu ndiwo unkadyetsa banjalo. Chaka chimenecho denga lake linadontha dzinja lonse, mwana wake wamkulu nasiya sukulu.

Chonyansa kwambiri chinali chakuti chimanga cha nkhukuzo chinkabwera pa malole kuchokera kutali, kudutsa pafupi ndi nkhokwe za alimi osowa msika. A m'mudzi ankangolandira fumbi ndi fungo la zitosi.

Keziah anapita kukaonana ndi manijala, a Fidelis, koma anamubweza pachipata. Anapitanso, namubwezanso. Anzake a kutchalitchi anamuuza kuti asiye, munthu wosauka salimbana ndi mapepala. Iye ankalima maganyu m'mawa, masana nakaima pachipata pomwepo mpaka alonda anatopa kumuseka.

Udzu wosamwetedwa uja unakula kuposa munthu, nuuma. Mu Okutobala chaka chotsatira, masana dzuwa lili pamutu, moto wolusa unalowa m'dambo, mphepo ikuukankhira ku makola a nkhuku. Anthu a m'mudzi anafika pa waya, naima manja ali m'khwapa.

A Fidelis anathamangira komweko thukuta lili kamukamu, nawapempha kuti athandize.

"Ba manijala, kansi lelo mwationa?" anafunsa Keziah. "Uzani waya yanu izime moto."

Palibe anasuntha. Keziah naye mtima unkamuuza kuti zipse zonse. Koma anaona kuti mphepo ikangotembenuka, motowo usiya makola nulunjika ku nkhokwe zawo, ndiponso kampani yopsa sigula chimanga cha munthu. Anathyola nthambi yaiwisi, nauza a Fidelis kuti adule waya ndi manja awo. Anadula. Mudzi wonse unalowa pampatapo, ndipo khola limodzi lokha ndilo linapsa.

M'mawa mwake galimoto inabweretsa nkhuku zothokozera. Keziah, matuza ali m'manja monse, anazibweza, ngakhale ana ake anali asanalawe nyama miyezi yambiri. Ena anamutukwana kuti ndi wonyada. Iye anayenda kumbuyo kwa galimotoyo mpaka mu ofesi, ndipo tsiku limenelo palibe mlonda anamuletsa.

"Sinifuna mphatso," anauza a Fidelis. "Mphatso ni ya alendo, ife ndise eni. Pamene munadula paja ikani geti. Timwete udzu, ndipo mugule milisi yathu, chimanga cha m'nkhokwe zathu."

A Fidelis anayankha kuti iwo ndi wantchito chabe, eni kampani ali ku tauni. Keziah anati awaitane. Eni kampaniwo anazengereza mpaka mvula inagwa, koma anabwera, nakhala pa mipando ya m'mudzi kumva mawu amene sanawakonde. Pomaliza anavomera.

Musaganize kuti zinayenda pomwepo. Chimanga choyamba kampani inachikana kuti n'chachinyezi. Alimi anakwiya, ena nati Keziah wawagulitsa. Iye analuma njere imodzi, napeza kuti kampani sinaname. Anapita khomo ndi khomo kuchonderera anthu kuti ayanikenso, ndipo ulendo wachiwiri lole inanyamula matumba onse.

Pofika 1998, Keziah ankatsogolera gulu la alimi ogulitsa chimanga ndi mpendadzuwa ku kampaniyo. Achinyamata a m'mudzi analembedwa ntchito m'makola, zitosi zija zinasanduka manyowa a m'madimba, ndipo mwana wake anabwerera kusukulu.

Dambo silinabwezedwe, ndipo Keziah sanabise kuti zimamuwawabe. Pamsonkhano uliwonse ndi eni kampani ankayamba n'kuwakumbutsa kuti akhala pa nthaka ya yani, kenaka n'kukambirana za malonda.

Nanunso mkwiyo wanu musautaye, koma musalole kuti ukutenthereni nkhokwe. Kaimeni pachipata chimene anakutsekerani, mawa mukaimenso. Akakupatsani nyenyeswa, kanani, mupemphe malo pa mphasa pamene nkhani zikukambidwa. Osataya mtima, mwini nthaka sapemphetsa kwawo.