Waya pansi pa khola la Amai Zulu

Loweruka ndinagwira khasu, abale anga. Amene mumandidziwa, khalani pansi kaye.

Anandigwiritsa ndi a Mulenga, nesi wa kuno ku Nsefu, kwawo ku Kasama. Ali ndi wailesi yolankhulirana, ya laisensi, imene madzulo amachezera ndi mkulu wawo kwawoko. Nsungwi yaitali yokhala ndi waya anaimika kale, koma akuti imeneyo ndi theka chabe la eriyo. Theka lina ndi mawaya okwirira pansi, ochoka patsinde kupita mbali zonse ngati mizu. Popanda amenewo, mawu amafika ku Kasama atatopa.

Ine koleji ndinaisiya tisanafike pamutu umenewo, choncho ndinangogwedeza mutu mwaulemu.

Vuto ndi bwalo lawo. Mbuzi ikatembenuka imagunda mpanda. Mawaya anayenera kulowa kwa Amai Zulu, oyandikana nawo.

Inu a kumtunda simungamvetse. M'chigwa muno, pafupi ndi nkhalango yosungira nyama, waya wogona muudzu dzina lake ndi limodzi: msampha. Ndipo mwana wa Amai Zulu amayendetsa alendo odzaona nyama kukampu ina ku Nkwali. Waya utapezeka pakhomo pa mayi ake, ntchito yathera pomwepo.

"Mukakana ndimvetsa, amai," anatero a Mulenga powapempha malo.

"Dikirani," anayankha mayiwo, n'kukwera njinga.

Ambirife tikanatani? Tikanakana ndi kumwetulira, kapena tikanavomera kenako n'kukanong'ona kuchigayo. Koma Amai Zulu anabwerera ndi asikauti awiri, oyang'anira nyama aja.

"Ana anga, waya ndi uwu, mwini wake ndi uyu. Onani ndi maso anu lero, mawa musadzamve kwa anthu. Ndipo poti mwabwera, makasu ali apo."

Ndinaona chinthu chosaoneka m'chigwa muno: anthu olipidwa kuti azizula mawaya akukwirira waya, mpaka kukangana kuti mzere wa ndani wawongoka. Ine khasu langa ndinaligwira bwino ndithu. Silinagwe ngakhale kamodzi.

Kodi ndi milandu ingati m'midzi mwathu imene ikanafa isanabadwe, tikanamaitana woweruza zinthu zisanakwiriridwe?

Dzuwa likulowa, mkulu wa a Mulenga anamveka pawailesipo ngati wakhala pakhonde. Amai Zulu anamvetsera Chibembacho, manja ali m'chiuno.

"A nesi, muwauze bambowo kuti adutsa pansi pa khola langa la nkhuku. Kuno munthu sadutsa pakhomo osapereka moni."

A ku Kasama anapereka moni.