Machesi a Ba Mulenga pa Mzere wa Saladi

Ndikakumbukira Ba Mulenga, mayi amene tinkagawana nawo mpanda ku Kabwata mu Lusaka, ndimamva fungo la mabuku akale losakanikirana ndi utsi wa mbaula, ndi phwete lawo limene linkauwitsa agalu a msewu wonse. Anali atapuma uphunzitsi, ndipo adzukulu awo atatu ankadya za kabenchi ka mabuku kumsika. Mabenchiwo ankagawa ndi tcheyamani wa chipani, Ba Tembo, ndipo wolanda anali yemweyo.

Zaka zimenezo mafuta ophikira, amene timati saladi, ankasowa koopsa. Amayi ankandituma ndi botolo kukaima pamzere, dzuwa likutiwotcha m'mutu. Koma pakakhala Ba Mulenga, ee, ndinkathamangira!

Ndi pamzerepo pamene anatiuza za ndakatulo yakalekale ya ku Mangalande, ya anthu opita kukapemphera kumanda a woyera mtima. Wansembe, wachigayo, wamalonda, mayi wokwatiwa kambirimbiri, onse msewu umodzi, aliyense ndi nkhani yake, ndipo wolembayo anawavula onse, osasiya ndi a tchalitchi omwe.

"Naise tili pa ulendo, ulendo wa saladi!" ankatero Ba Mulenga, atafumbata timitengo ta machesi, kamodzi kali kothyola. Wotola kofupika ndiye ankasimba. Tinamva za kalaliki wokonda chiphuphu, za dikoni wamadyera, mpaka za mkulu wina amene alamu ake amalandirira saladi kukhomo lakuseri. Tinkaseka mpaka kugwetsa mabotolo.

Tsiku lina Ba Tembo anatulukira ndi anyamata awo.

"Msonkhano uyu anavomeleza ndani? Ba Mulenga, benchi yanu mukali kuifuna?"

Ine ndinaganiza za adzukulu aja. Ba Mulenga anangotambasula chibakera.

"Ba Tcheyamani, pano onse timatola. Bwelani."

Maso onse ali pa iwo, Ba Tembo anatola. Kofupika! Anayamba kusimba monyinyirika za tsiku limene anafika mu Lusaka pa lole ya makala kuchokera ku Petauke, n'kuyamba kupatsa moni aliyense mumsewu waukulu, chipewa kumanja, mpaka mawu anasasa. Anthu anafa nazo! Munthuyo anakomedwa, akuwerama uku ndi uku kutionetsa mmene ankachitira. Wa m'sitolo nayenso anatuluka kudzamvera, alamu aja n'kutsala akugogoda kuseri. Ba Tembo anachoka akupukuta misozi ya chiseko, ndipo za benchi sanazitchulenso.

Pobwerera ndinawagwira dzanja Ba Mulenga. Linkanjenjemera ngati la wodwala malungo. Atalifumbatula, machesi onse anali othyola, ofupika okhaokha.

"Ba Mulenga, kansi munayopa?"

"Maningi, mwana wanga, ninayopa kwambili. Usauze amai ako."

Sindinawauze. Lero ndine gogo, ndipo ndikafuna kunena zoona pamaso pa wamphamvu, dzanja langa nalo limanjenjemera. Ndimangolifumbata, n'kulankhula.