Ulendo wa ku Maputo Umene Ndinaubisa

Pa chipatala chaching'ono chimene ndimagwirapo ntchito kuno ku Lichinga, katswiri wa kompyuta ndinali ine. Ukatswiri wake unali kuzimitsa n'kuyatsanso basi, koma anamwino ankandipatsa ulemu, ine n'kumaulandira ndi manja awiri. M'kompyutamo munali mayina a anthu onse olandira mankhwala otalikitsa moyo, ndipo limodzi linali la mlongo wanga wamng'ono. Iye amakhala ku Lione, koma ankalambalala chipatala cha kwawo kuti anthu a m'mudzi asadziwe. Anasankha chipatala chathu chifukwa wosunga mayinawo ndinali ine.

Tsiku lina nthawi yozizira ndinalandira kalata pa kompyuta, yooneka ngati yochokera ku unduna wa zaumoyo. Chidindo chinalipo, Chipwitikizi chake chosalala, ndipo inkati ndasankhidwa kupita ku Maputo pa ndege kukaphunzira kuteteza zinsinsi za odwala. Ankangofuna kuti ndilembe pa fomu senya yanga, mawu achinsinsi olowera m'kompyuta. Ine yemwe ndinamata pakhoma pepala lochenjeza anzanga za makalata achinyengo otere, ndinalemba msangamsanga kuopa kuti malo angathe.

Kwathu ulendo salengeza. Amayi anatiphunzitsa zimenezo chibwerere kuchokera ku Malawi, kuti ukanena usananyamuke ansanje amakutsekera njira. Ndiye ndinasoka pakamwa milungu itatu. Ngakhale shefe wanga, mkulu wa chipatalacho, sindinamuuze, poganiza kuti angapereke malowo kwa mphwake. Ndinagula jekete pamsika, ndipo kwathu ku Namacula ndinkapereka moni ngati munthu amene wakwera kale ndege. Kompyuta itayamba kuchedwa ndi kuchita zinthu zayokha, ndinauza anamwino kuti ndi kuzizira.

M'malo mwa tikiti kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi ya chigawo, katswiri weniweni. Anatifotokozera kuti kuli gulu la akazitape akunja limene likulowa m'makompyuta a zipatala ndi a maofesi a boma, n'kumakopera chilichonse mwakachetechete. Anati pathu wina anawatsegulira khomo, ndipo akananena tsiku lomwelo, khomolo likanatsekedwa asanafike pa mayina a odwala. Kenako anafunsa ngati alipo analandira kalata ya ulendo. Ndinakweza dzanja pang'onopang'ono, jekete langa latsopano lili m'thupi.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anasintha masenya onse, n'kutiuza kuti kalata iliyonse yachilendo tizionetsana tisanaikhudze, makamaka yobweretsa uthenga wokoma. Nditamufunsa kumene mayina apita, anati sakudziwa, ndipo palibe amene angawabweze. Manyazi anandigwira, koma oposa manyaziwo anali mantha.

Loweruka ndinakwera galimoto kupita ku Lione. Mlongo wanga ndinamupeza kumunda akukumba mbatatesi. Ndinamuuza zonse osadumpha ngakhale za ndege, iye akumvetsera atatsamira khasu.

"Ndiye achimwene, anthuwo akundidziwa?"

Ndinati ali kutali kwambiri, mwina dzina lake sadzaliwerenga n'komwe, koma kulumbira sindingalumbire. Anaweramiranso pamzere.

"Mwezi wamawa musandidikire," anatero. "Mankhwala ndizitengera konkuno. Akuno akandinena, nkhope zawo ndikuzidziwa."